Bonsai yandilowa tsopano, nkhani yonse inali pa nsonga

Aaa anzanga a bonsai, luso lolera timitengo ta m'miphika, za kadulidwe kake zija ndakhala ndikudandaula kuti sizikundilowa zandilowa tsopano, mtima wakhala pansi. Za dothi, za kuthirira, za mabowo a pansi pa mphika sindinena, nonse mukuzidziwa kale. Changa ndi chimodzi basi: mtengo umathamangitsira mphamvu zake kunsonga, ndipo nsonga ikakhalapo maso a m'munsi, paja pophukira nthambi zatsopano, amangogona. Ukaichotsa amadzuka. Ukaisiya nthambi imatalika n'kumanenepa. Ndiye pa nthambi iliyonse funso limakhala limodzi, ndikufuna inenepe kapena ndikufuna igawikane? Ziwirizi pa nthambi imodzi nthawi imodzi sizitheka.

Chandipweteka n'chakuti ife a kuno ku Mulanje timaziona daily. Tiyi uja ndi mtengo weniweni, mukamusiya osamugwira amatalika kupitirira mamita 10. Koma pa esiteti amangolekeza m'chiuno, pamwamba pali see ngati tebulo, chifukwa othyola amachotsa masamba awiri ndi kansonga, pakapita masiku amabweranso, ndiye nthambi imodzi imabala ziwiri, ziwirizo zinayi, mpaka chitsamba chimathithikana moti dzanja silifika pansi. Pakapita zaka zingapo amadulira kwambiri nyengo yozizira n'kuyambiranso m'munsi. Tiyi anayamba kulimidwa kuno cha m'ma 1890, anthu akhala akuchita zimenezi mibadwo yonseyi, ine ndikukafuna yankho ku mavidiyo a ku Japan ndikutha bundle.

Ndinawerengako chifukwa chake, ndipo apa ndi pomwe zinamasukira. Kansonga kamene kakukula kamapanga homoni yotchedwa auxin, imatsika ndi tsinde n'kumaletsa maso a m'mbali kuti asaphuke. Asayansi awiri, Thimann ndi Skoog, anazionetsa mu 1933 pa mbewu ya mtundu wa nyemba. Atadula nsonga, maso a m'munsi anaphuka. Atadula n'kuika auxin pa bala paja, maso anakhalabe ogona ngati nsonga ikadalipo. Eti kungoti mtengo "ukuganiza" kuti mutu ulipo. Kuchokera pamenepo ndikayang'ana kamtengo ndimayamba ndaona kuti ndi nsonga iti ikulamulira, ndipo ndi maso ati akudikira kuti iyo ichoke.

Pa kachere wanga wa m'beseni zikuoneka bwino kwambiri. Nthambi ndimaisiya itulutse masamba angapo, kenako ndimabweza ndi sizasi n'kusiya awiri. Pabala pamatuluka utomoni woyera uja womata m'zala, umauma n'kuda. Pakapita masabata, pomwe tsamba lagwirana ndi nthambi pamatupa kadiso kosongoka, kwinakonso chimodzimodzi, ndipo nthambi yatsopano imaloza komwe tsamba lija linaloza. Apa mpomwe pali ufulu wonse, chifukwa ukasankha tsamba lomalizira wasankhiratu komwe nthambi ipite. Ukufuna ipite kumanzere, dula pamwamba pa tsamba la kumanzere. Masamba a mphukira zachiwirizi amabweranso ang'onoang'ono poti mphamvu yagawikana pambiri.

Mbali inayo ndi imene imavuta mtima. Thunthu limanenepa ndi masamba, chakudya chimapangidwa m'masamba n'kutsika, ndiye kamtengo komwe ukukatsina sabata iliyonse m'kamphika kakang'ono kadzakhala kakang'ono ngati pensulo mpaka iwe udzakalamba. Ndiye m'munsi mwa kachere uja ndasiya nthambi imodzi kuti izingopita, yatalika kuposa mtengo wonse, ndi yonyasa zedi, amayi a nyumba yoyandikana nayo anandifunsa kuti achimwene mwaiwala kudula kodi. Sindinaiwale. Ntchito yake ndi kunenepetsa thunthu kuyambira pomwe yamerera kutsika mpaka ku mizu, ikamaliza ndidzaichotsa yonse. Pamwamba ndiye ndikutsina pafupipafupi kuti mutu usalande zonse. Kudula komwe kuli mphamvu, kusiya komwe kwafooka, ndikazibwereza chonchi zikumveka zophweka mpaka ndikudabwa kuti zinkandizungulira mutu bwanji.

Nditazimvetsa chonchi waya wokulunga pa nthambi pofuna kuipinda uja ndamutaya, ndipo ndinena mosabisa, ndikuona ngati waya ndi wa anthu osaleza mtima. Njira yongodula n'kusiya ikule, n'kudulanso, imene amadziwika nayo a ku Guangdong kumwera kwa China, kwa ine ndiye bonsai yeniyeni. Paja luso lonseli linayambira ku China komweko, amati penjing, a ku Japan anachita kutengera. Nthambi yopangidwa ndi sizasi imakhota mwamakona ngati mtengo wakale wa m'mbali mwa mtsinje wa Likhubula, pomwe ya waya imangopindika mofewa, umachita kuoneratu kuti munthu anagwirapo. Komanso ndi mvula yathu ino kachere amanenepa msanga, waya ukangomuiwala pang'ono walowa kale m'khungwa, chipsera chake chimakhala zaka. Nanga waya wa aluminiyamu wofewa uja umupeza kuti, ena amawotcha wa kopa wa magetsi kuti afewe, ntchito yonseyo ya chiyani. Ndikudziwa a mitengo ya paini atsutsa, tsutsani, ine ndaima pa sizasi.

Koma aphunzitsi nawonso, aaa. Pali madala ena ku Thyolo omwe anagwira ntchito ya m'dimba la maluwa zaka zambiri, manja awo ndi odala, ali ndi bougainvillea m'chitini thunthu lake ngati dzanja langa. Ukawafunsa amangoti "dulani apa, apa musiye." Bwanji agogo? "Mudzaona." Kapena amangoseka. Akanangondiuza kamodzi kuti nsonga ndi imene imagoneka maso a m'munsi bwenzi ndili patali. Mwina iwo saziganiza m'mawu, manja ndi amene amadziwa, koma wophunzira ukuvutika. A pa YouTube nawo ndi ena, munthu akuyankhula mphindi makumi awiri za mphika wake wodula asanagwire mtengo, kenako akuti sinthani dothi mu Malichi poti ndi spring, nyengo yomwe mitengo imadzuka kwawoko. Malichi wake uti? Kwathu Malichi mvula ikupita kumapeto, mitengo ikupita kokapuma, kutsogolo kuli chiperoni cha Juni ndi Julaye. Zawo zonse uyenera kuzitembenuza ndi miyezi isanu ndi umodzi, kudzuka kwa mitengo yathu kuli cha mu Ogasiti ndi Seputembala kukayamba kufunda, ndipo palibe amene amakuuza. Akatinso gulani akadama, dothi la ku Japan, ine ndimangoswa njerwa zootcha, kusefa, kusakaniza ndi mchenga wokhakhala wa kumtsinje ndi manyowa pang'ono, madzi akudutsa bwinobwino.

Nthawi nayo. Kuchoka m'mawa kudakali mdima, kubwera dzuwa litalowa kuseri, timitengo ndimationa bwino Lamlungu lokha tikaweruka ku tchalitchi, ndipo nyengo ya mvula sabata imodzi ndi yambiri, mphukira yomwe umafuna kutsina ili ndi masamba awiri umaipeza yathawa kale. Ndiye uwerenge kuti ku Washington kuli bonsai ya paini yomwe banja la Yamaki la ku Japan linapereka mu 1976, yakhala ikusamalidwa kuyambira 1625, inapulumuka bomba la ku Hiroshima mu 1945, umangoti ife tayamba mochedwa. Chionetsero chachikulu cha bonsai cha ku Tokyo, Kokufu, chinayamba mu 1934 ndipo chimachitika mu Febuluwale, kwawo kukuzizira, mitengo yoyoyola masamba ili mbulanda, ndiye tinthambi tonse tija togawikana pawiri pawiri timaonekera poyera, palibe pobisala. Zimene ndamvetsa dzulodzuloli ndi zimene anthu amakaonera kumeneko.

Pomwe ndakakamira ndi apa. Lamuloli likugwira pa kachere, pa mkuyu, pa bougainvillea, mitengo yosavuta kuphuka ngakhale pa thunthu lakale. Nanga mkungudza wathu? Mtima ukufuna nditayesa mbande imodzi ya ku nazale, za kukazula kuphiri ayi, mtengowu watsala pang'ono kutheratu. Koma mkungudza weniweni wa m'phiri muno ukadulidwa suphukiranso pachitsa, ndiye ngati maso ogona palibe pa nthambi yakale, kuchotsa nsonga kudzutsa chiyani? Mwina pamenepo pafunika kumangotsina pobiriwira pokha, mwinanso waya yemwe ndamunyoza uja, kaya. Komanso unazolowera kuzizira ndi nkhungu za pamwamba, pakhonde langa mu Okutobala ukapirira?

Ndipo nthambi yonenepetsa ija sindikudziwa kuti ndiichotse liti. Ndikaichedwetsa bala lidzakhala lalikulu, ndikafulumira thunthu likhala lisanafike. Madala aja ndikawafunsa ndikudziwa kale yankho lawo. Pano ndikuganiza zodikira Seputembala ndione mmene maso atupire, kapena ndiidule theka kaye, sindinatsimikize.