Dontho lofiira si munda wopsa, ndazimvetsa lero

Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi polojekiti yoona za kuotcha mapesi m'minda pogwiritsa ntchito setilaiti, ndipo lero ndi pomwe mtima wakhala pansi. Chomwe chimandizunguza mutu ndi ichi: ndimatsitsa deta ya FIRMS ya NASA, madontho ofiira osonyeza pomwe setilaiti yaona moto, ndikuwaika pa mapu a Punjab, ku India, a mwezi wa Novembala, kenako ndikatsegula chithunzi cha setilaiti ya Sentinel-2 cha dera lomwelo ndimapeza minda yambirimbiri yakuda bii, yopsa moonekeratu, koma pamwamba pake palibe dontho ngakhale limodzi. Ndinkaganiza kuti mapu ndawasokoneza ndine, ndinabwereza kambirimbiri mpaka usiku, zotsatira zomwezomwezo.

Ndiye dzulo ndinangotenga munda umodzi basi n'kumauyang'anitsitsa. Pa chithunzi choyamba unali wotuwa, mapesi a mpunga ali mbwee atangokolola. Patatha masiku asanu wada, ndipo m'mphepete mwake mukuoneka kamzere komwe moto unalekezera, ngodya imodzi yatsala yosapsa. Ndinayang'ana madontho a masiku onse asanuwo, palibe. Apa ndi pomwe zinanditsekukira m'mutu, kuti dontho lija silikunena kuti apa papsa, likungonena kuti pa mphindi yomwe setilaiti imadutsa apa moto unali ukuyaka. Zinthu ziwiri zosiyana kutalitali.

Taganizani, madonthowa amachokera ku makamera a pa setilaiti otchedwa MODIS ndi VIIRS: MODIS ya pa setilaiti ya Terra imadutsa m'mawa, ya pa Aqua masana, VIIRS ya pa Suomi NPP nayonso cha m'ma 1:30 masana, kenako zimabweranso usiku. Moto wa mapesi ouma suchedwa, umangoti lawilawi n'kuzima. Mlimi akayatsa 4 koloko madzulo, pofika usiku kwatsala phulusa lozizira, setilaiti idutsa osaona kanthu. Mu 2024 nkhaniyi inamveka kwambiri ku India, pomwe deta ya setilaiti ya ku South Korea ya GEO-KOMPSAT-2A, yomwe imakhala pamalo amodzi n'kumayang'ana tsiku lonse, inaonetsa kuti moto wambiri ku Punjab ndi Haryana umayaka chakumadzulo, anzake aja atadutsa kale. Ndiye munthu kumati madontho achepa chaka chino choncho kuotcha kwachepa, ayi ndithu, mwina changosintha ndi nthawi yoyatsira.

Komanso kukula kwa pikiseli, kabokosi kamodzi ka pa chithunzi cha setilaiti. Ya MODIS ndi kilomita imodzi mbali zonse, ndiye kuti mahekitala 100, ya VIIRS ndi mamita 375, pafupifupi mahekitala 14. Dontho limodzi litha kukhala minda ingapo ikuyaka limodzi kapena kamoto kamodzi kotentha kwambiri, chifukwa bandi ya pa ma micrometre 4, chigawo cha kuwala chomwe chimagwira kutentha, imakwera kwambiri ngakhale moto utatenga kachigawo kochepa ka pikiseli. Poyeza malo opsa madontho sangakuthandize.

Chipsera ndiye chimatsala. Moto upita koma makala ndi phulusa zikhala pamenepo kudikira Sentinel-2, yomwe imabwerera pakatha masiku asanu, ndipo pa bandi 12 pikiseli ndi mamita 20 okha, mapikiseli 25 pa hekitala imodzi. Kwa ine dNBR, yoyerekeza chithunzi cha moto usanadutse ndi cha utadutsa, ndiye njira, ndikunena mosapsatira. Utenga NBR, nambala yowerengedwa kuchokera ku mabandi a chithunzi yomwe imatsika malo akapsa, moto usanadutse, utenganso utadutsa, uchotsera, minda yopsa ingotulukira yokha m'mabokosi ake ooneka bwino. Mu Google Earth Engine, pulogalamu ya pa intaneti yosanthulira zithunzi za setilaiti, ndi mizere yochepa chabe ya code. Nditayendetsa koyamba n'kuona munda wanga uja ukuwala limodzi ndi ngodya yake yosapsa ija, ndinakhala chete kaye kwa kanthawi. Sindikumvetsa chifukwa chake malipoti ambiri amakakamira kuwerenga madontho pomwe njira iyi ilipo ndipo deta yake ndi yaulere.

Chomwe chikundiwawa ndi choti m'kalasi anatipatsa mafomyula onsewa tsiku limodzi, active fire (moto woyaka) apa, burned area (malo opsa) apo, ngati ndi zinthu zofanana zongosiyana dzina. Aphunzitsi akanangoima mphindi ziwiri n'kunena kuti china chimaona lawi, china chimaona chipsera, masabata atatu angawa sakanapita pachabe. Ndinafunsapo kamodzi chifukwa chake madontho anga sakugwirizana ndi zithunzi, yankho linali loti ndikawerenge manotsi. Manotsiwo ndinawerenga, mulibemo. Pano kwatsala masiku owerengeka kuti ndipereke lipoti ndipo chigawo chonse cha njira ndiyenera kuchilembanso.

Koma pali china chikundisowetsa mtendere. Alimi a kumeneko amaotcha chifukwa nthawi ya pakati pa kukolola mpunga ndi kudzala tirigu ndi yochepa kwambiri, ndiye akangootcha thirakitala imalowa msanga n'kutembenuza dothi, chipsera chija chakwiririka. Chithunzi chotsatira chikadzaphimbidwa ndi mitambo kapena utsi womwewo umene umakafika mpaka ku Delhi, ndiye kuti masiku khumi, munda uja ndauphonya. Ndiponso mapesi amakhala ouma kale, NBR yake ndi yotsika moto usanafike, kusiyana kwake sikukula ngati kwa nkhalango yopsa, ndipo munda wongolimidwa kumene wa dothi lonyowa umadanso pa chithunzi. Pa mapu anga pali minda ingapo yomwe ndayilemba kuti yapsa koma ndikaiyang'ana bwino ndikukayika. Malire a dNBR ndawasuntha katatu lero lokha, ndikakweza ndikutaya minda yopsadi, ndikatsitsa yolimidwa ikulowa. Mwina ndiphatikize ndi madontho a VIIRS omwe ndawanyoza aja kuti azinditsimikizira ina, kaya zithandiza kaya ayi, ndiyesa mawa ndione.