Mkangano wa kometera: kodi chipale chofewa chimagwanso panyanja?

Lachiwiri. Chiperoni chinayamba usiku ndipo sichikuonetsa kuti chileka, phiri la Zomba lero sitinalione n'komwe, chifunga chokhachokha kuyambira ku Ku Chawe mpaka kuno ku Matawale. Ndinatsikira mtauni cha m'ma 10 kukagula matemba a ku Chilwa ndi kachewere, mitengo yake tisakambe, kenako ndinati bola ndimetetse tsitsi poti kunyumba kulibe chochita.

Kometera kuja ndinapeza zatentha kale. Mnyamata wometa amaonetsa anthu vidiyo pa TikTok, chisitima chachikulu chili pakati pa nyanja, chipale chofewa chikugwa mbuu, amuna atavala majekete akuchikokola ndi mafosholo. Ankolo ena amene amadikira pabenchi akuti zabodza izo, zopanga pa kompyuta. Iwo anakhalako ku Joni, chipale anachiona ndi maso awo mu July 2023 pomwe chinagwa ku Johannesburg, ndiye palibe angawauze kanthu. Akuti chimagwa pamtunda ndi m'mapiri ngati ku Lesotho, panyanja pamagwa mvula basi chifukwa madzi ake ndi amchere, komanso ku Cape Town anafikako m'nyengo yozizira koma panyanja sanaonepo kanthu.

Munthu wamkulu sumutsutsa pagulu, ine ndinangofunsa kuti, "Koma ankolo, mtambo umadziwa bwanji kuti pansi apa pali madzi, apa pali nthaka?" Anthu kuseka, iwo kundiyang'ana ndi diso lija.

Nkhani yake ndi yoti chipale chimapangikira kumwamba mumtambo, komwe kuzizira kwatsika pansi pa 0°C, ndipo madzi a m'nyanja akamauluka ngati nthunzi mchere umatsala. Ngakhale mvula yathu ya mabingu ya mu January ija yambiri imayamba ili youndana kumwambako, imangosungunuka panjira poti mpweya wathu kunsi kuno ndi wofunda. Ndiye chofunika ndi mpweya wa pakati pa mtambo ndi pansi, ukakhala wozizira pafupi ndi 0°C chipale chimafika chili chipale, kaya pansipo pali munda wa chimanga kaya nyanja. Kunyanja zozungulira Antarctica, kufupi ndi Greenland, kumpoto kwa Norway, chimagwa kwambiri zedi. Kungoti chikagwera pamadzi chimasungunuka pompo, palibe chojambula, palibenso anthu okhala kumeneko kupatula a m'sitima, n'chifukwa chake zithunzi zomwe timaona ndi za misewu ndi madenga. Mchere ntchito yake ndi yochedwetsa nyanja kuundana, madzi a m'nyanja amaundana cha pa -1.8°C osati pa 0, ndipo akaundana chipale chimaunjikana pamwamba pake bwinobwino.

Za ku Cape Town ankolo sananame ayi. Nyanja imasunga kutentha, mpweya wa pamwamba pake kumeneko sufika pozizira choncho, chipale chimathera m'mapiri.

Koma gawo lomwe limandisangalatsa ine, ndipo ndinalimbikira kulifotokoza makina ali m'mutu, ndi loti malo ena nyanjayo ndi imene imabereka chipalecho. Ku Japan mphepo yozizira koopsa, youma, imachokera ku Siberia, m'dziko la Russia, n'kudutsa pa nyanja ya Sea of Japan pomwe madzi ndi ofundirako, imayamwa nthunzi, mitambo imapangika pomwepo pamwamba pa madzi, chipale chimayamba kugwa isanafike n'kumtunda komwe, ikakagunda mapiri ndiye imakhuthula zonse ku Niigata ndi ku Aomori mpaka nyumba kukwiririka. Ku America nyanja ya Erie imachita zomwezo, mu November 2022 madera ena kufupi ndi mzinda wa Buffalo analandira chipale chofika mamita 2 m'masiku ochepa chabe. Zili ngati chiperoni chathuchi, mphepo yonyowa yochokera ku Indian Ocean kudutsa ku Mozambique n'kudzagunda Mulanje ndi Zomba, kungoti kwathu kuzizira kwake kumathera pa juzi ndi mbaula.

Ankolo aja anangoti, "Ana a masiku ano mwaphunzira kwambiri," koma kavidiyo kaja anapempha kuti awatumizire pa WhatsApp akaonetse akazi awo, ndiye kaya. Wina kumbuyo anafunsa ngati nsomba za kumeneko sizifa ndi kuzizira, mkangano wina unayambira pomwepo, ine ndinalipira n'kutuluka. Wometa uja wakwezanso mtengo, akuti mafuta a jenereta.

Madzulo magetsi anazima ndisanathe kuphika, nsima ndamalizira pamakala. Mawa ndilawirira ku Chinamwali kukaona azakhali, akuti mwendo uja wayambiranso kutupa.