Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Chaka Chimene Bambo Anatupa Miyendo

Nditabwerera kumudzi kwathu kufupi ndi Lizulu, ndinapeza bambo atasiya kupita kudimba la mbatatesi, chifukwa akangokwera kamtunda kochokera kudambo ankapuma mwawefuwefu. Pofika mu June miyendo inali itatupa moti ukadina ndi chala pamsongolo pankatsala kadzenje, ndipo usiku ankagona chotsamira khoma popeza akagona chagada ankabanika.

Azakhali sanachedwe kugamula kuti linali tsempho, ndipo anayamba kufufuza amene anathira mchere m'ndiwo asali woyenera kutero. Amayi anangokhala chete, koma ine ndinkaona kuti mlanduwo ukulunjika kwa iwo.

Kuchipatala anapeza kuti BP ya bambo inali itapitirira kutali 140 pa 90, mlingo umene amayambira kunena kuti magazi akuthamanga kwambiri. Adokotala anatifotokozera kuti mtima ukamapopa mokakamizika kwa zaka zambiri umafooka, ndipo madzi amayamba kudzadza m'miyendo ndi m'mapapo. Anawapatsa mapiritsi okodzetsa ndi ena otsitsa BP, nawauza kuti asawasiye ngakhale atapeza bwino. Za mchere anazitchuladi, koma iwo ankanena za kuchuluka kwake: bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi.

Kwathu mchere unkalowa mumphika, wina n'kukhala pambale pamphasa, ndipo bambo ankatsinako asanalawe n'komwe. Onjezanipo soda wa m'therere, tchipisi cha pachiwaya tsiku la msika, ndi nyama yonona yootcha imene Mngoni aliyense amaiona ngati ulemu wake.

Amayi anakana kuphika miphika iwiri. Anati, "Bambo ake a Chikondi, mukamadya zanuzanu mudzamva ngati takusalani, choncho tonse tidya zomwezi." Tinabwerera ku mgaiwa, nyemba, nkhwani wotendera ndi mpiru wothira tomato wambiri, mafuta ongodontheza. Masabata oyamba bambo ankadandaula kuti ndiwo zikusukuluka, koma lilime linazolowera msanga kuposa mmene ndinkaganizira. Fodya wopichira ndiye anavuta. Anamusiya mvula itayamba.

Kutupa kutachepa, adokotala anawalola kuyenda pang'onopang'ono m'mawa, ndipo ine ndinkawaperekeza mpaka pamsewu wa M1. Azakhali mpaka lero amati chinawachiritsa ndi mankhwala azitsamba amene anabwera nawo kuchokera ku Mozambique, omwe amayi anawabisa kudenga osawawiritsa.