Batire yabodza inandipulumutsa, koma Lachitatu langa linapita

Ndinataya Lachitatu lathunthu ku Limbe chifukwa cha kachingwe kamodzi, ndipo mpaka lero ndikadutsa pashopu ija mtima umandiwawa.

Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe ndi Canon EOS 1300D. Batire yake, LP-E10, ndi ya 860 mAh basi (mAh ndi muyeso wa moto umene batire imasunga). Pa zithunzi imayesetsa, koma pa vidiyo ola limodzi ndi kanthu yatha. Tsono perekaniperekani mumamudziwa: akuchimuna, akuchikazi, akwaya, akuntchito, mpaka dzuwa kulowa. Magetsi akazima, jenereta ndi ya DJ, tchaja yako palibe woiwerengera.

Kamera imeneyi simungaitchaje pa USB. Kabowo kam'mbali kaja nkotumizira zithunzi ku kompyuta. Chofunika ndi chimene ojambula amati dummy battery, ine ndimangoti batire yabodza. Ndi kachipulasitiki kofanana ndi batire, mkati mopanda moto, kamene kamalandira magetsi kuchokera kunja kudzera pa chingwe. A Canon amakatcha DC coupler, ka kamera yangayi ndi DR-E10, koma kawo kamayendera adaputala ya pakhoma. Ine ndimafuna ka power bank.

Nkhani yonse yagona apa. USB wamba imatulutsa 5V, pomwe kamera imafuna 7.4V. Choncho pakati pa chingwe payenera kukhala kabokosi kokweza mphamvu kufika cha m'ma 8V. Popanda kabokosiko mwagula chingwe choyanikira zovala.

Ine zimenezi sindinkazidziwa. Kamera ndinaisiya kunyumba poopa akuba. Mnyamata wapashopu anatulutsa chingwe mu pepala la pulasitiki, nkunena kuti, "Bwana, ichi chimagwira kamera iliyonse." Ndinalipira. Kufika kunyumba, kulumikiza, zii. Kamera osaphethira nkomwe. Ndinakweranso minibasi dzuwa lili paliwombo. Kufika, mnyamata yemwe uja nkhope yasintha: "Achimwene, katundu akatuluka sabwerera, dikirani abwana." Abwanawo akuti apita kukadya nkhomaliro. Ndinakhala pa kabenchi pakhomo maola awiri, ndikuwerenga mafoni osweka amene anali mu galasi, njala ikundipota. Atabwera anatembenuza chingwecho, anafwenthula m'katoni pansi pa tebulo, nkutulutsa china chokhala ndi kabokosi kakuda kolembedwa 8V. Chinalipo nthawi yonseyi! Nkundiuzanso kuti ndiwonjezere ndalama, choyambacho ndichisunge poti pepala lake ndang'amba. Abale, pitani ndi kamera yanu ndi power bank yanu, muyese pomwepo musanatulutse ndalama.

Ndayiwala kutchula za power bank. Yanga ndi ya 20,000 mAh, koma musachite masamu a 20,000 kugawa 860. Nambala imeneyo amaiwerengera pa 3.7V, kutanthauza 74 Wh (Wh ndi muyeso wa moto wowerengera ndi ma volt omwe), pomwe batire ya kamera ndi 6.4 Wh. Mukachotsa mphamvu imene imatayika pokweza ma volt, werengani ngati muli ndi mabatire asanu ndi atatu kapena kupitirira pang'ono. Onaninso kuti kabowo kake ka USB kakutulutsa 2A (ma ampere awiri) kapena kuposa, apo ayi kamera imazima mukangodina kujambula.

Usiku womwewo ndinatsala pang'ono kubwereranso kachitatu, chifukwa kamera inakananso kuyaka. Kodi si chitseko cha batire! Chikapanda kutsekeka bwinobwino, Canon siyaka. Pambali pake pali kamphira kakang'ono, mumakatukula ndi chikhadabo, chingwe nkudutsa pamenepo, chitseko nkutseka kuti thapa. Zaka zonsezi kamphirako sindinakaonepo.

China, ma power bank ambiri amazima okha akaona kuti palibe chikukoka moto. Kamera ikagona, nayo imagona, ndiye mkwatibwi akulowa inu mukufufuza batani m'thumba. Ine ndinazimitsa auto power off, imene imagonetsa kamera yokha, mu menyu ya kamera. Chingwe ndinachimata ndi tepi ku tripod, chifukwa mwana akangochikoka kanyali kofiira ka khadi kakuthwanima, vidiyo imene mumajambulayo ikhoza kuwonongeka yonse. Batire yeniyeni ikhale m'thumba la malaya, yodzaza. Ndipo malire a kamerayi a mphindi 29 ndi masekondi 59 pa vidiyo imodzi sachoka ayi, kamera imasiyabe kujambula, muzidinanso nokha.

Loweruka ndinajambula kuyambira kutchalitchi mpaka kudula keke osatsegula chitseko cha batire ngakhale kamodzi, power bank nkutsala ndi nyali ziwiri mwa zinayi. Koma ndikubwerezanso, kayeseni pashopu pomwepo, kamera ili m'manja. Chingwe cha 5V chija chikadalipo, mkazi wanga amamangira thumba la makala.