Mmene ndinavotera pa 16 September 2025, ndi masamu amene ndinachita pambuyo pake

Chitupa changa chovotera cha 2019 chinali chikadali m'chikwama, chopindikapindika, koma chinali chitatha ntchito. Bungwe loyendetsa chisankho la MEC linayamba kaundula watsopano kumapeto kwa 2024, ndiye aliyense wofuna kudzavota ankayenera kulembetsanso, kaya anavotapo kangati m'mbuyomu. Kalemberayo ankayenda m'magawo, maboma ena lero, ena mwezi wamawa. Chinthu choyamba chinali kudziwa masiku a boma lanu, chifukwa zipangizo zikangonyamulidwa kupita kwina, basi mwatsalira.

Chachiwiri chinali chiphaso cha unzika chochokera ku NRB, bungwe la boma lolembetsa nzika. Lamulo latsopano la zisankho linati umboni wa wolembetsa ndi chiphasochi, osati kalata ya amfumu kapena ya kutchalitchi monga zinkachitikira kale. Ine ndinali nacho, choncho ntchito yanga inali yochepa. Ndinapita pasukulu ya pulaimale ya kwathu, mlembi anaunika chiphaso pa kachipangizo kake, anandijambula, ananditenga zidindo za zala, kenako anandipatsa kapepala. Kapepalako ndinakakutira m'kajumbo ka shuga n'kukaika m'Baibulo, poti ndimo mokha m'nyumba mwanga mmene ana sasanthula.

Chimene chinandikhudza tsiku limenelo n'chakuti mzere unali waufupi. Inali nyengo yosowa mafuta a galimoto, chimanga chitakwera mtengo, ndipo anthu anali ndi mizere ina yoti aime. Msuweni wanga amene amayendetsa kabaza anali atataya chiphaso chake. Nditamuuza kuti akayambe zopezera china, anangoti, "Achemwali, tsiku limene ndikaime pamzere ana akadya chiyani? Ndipo onsewa ndi amodzimodzi." Sanalembetse. Mumusunge m'mutu munthu ameneyu, chifukwa anzake ndi ochuluka. Ofesi yoona za chiwerengero cha anthu inkayerekeza kuti a msinkhu wovota analipo pafupifupi 10.9 miliyoni, koma amene analowa m'kaundula anali 7.2 miliyoni. Anthu oposa mamiliyoni atatu anagwa pa khomo loyambali, kampeni isanayambe n'komwe.

Pakati apo ndinasamuka chifukwa cha ntchito, ndiye nthawi yosamutsa mayina itakwana ndinapita ndi kapepala kanga kumalo atsopano kumene ndinkafuna kukavotera. Izi sizinatenge nthawi. Chofunika n'kupita nokha, ndipo nthawi yoona mayina ikafika muzikatsimikiza kuti dzina lanu lilidi pamalo amene mukuganiza. Mukadikira tsiku lovota, palibe amene angakuthandizeni.

Pa 16 September, lomwe linali Lachiwiri, malo ovotera anatsegulidwa 6 koloko m'mawa. Ndinafika kusanache kwenikweni koma ndinapeza amayi achikulire atakhala kale pazitenje. Oyembekezera, okalamba ndi olumala ankawalowetsa patsogolo, ndipo palibe amene anadandaula. Ukafika pa tebulo amayang'ana dzina lako m'kaundula, amakuyang'ana zala ngati sunavote kale, kenako amakupaka inki. Chisankho chinali chapatatu: mtsogoleri wa dziko, phungu ndi khansala, aliyense pepala lake ndi bokosi lake. Pepala la pulezidenti linali lalitali, mayina 17, ena ndinkawaona koyamba pomwepo. Langizo langa ndi loti muchonge kamodzi kokha, m'kabokosi ka munthu mmodzi, ndipo ngati mukudinda ndi chala mudikire inki iume musanapinde, chifukwa ikadetsa kabokosi kena anthu adzakangana pa voti yanu usiku. Pa pepala la aphungu ena anadabwa kupeza mayina achilendo. Madera anadulidwanso, kuchoka pa 193 kufika pa 229, moti panali anthu amene anagona m'dera lina n'kudzuka ali m'dera lina osasuntha nyumba.

Anthu ambiri akavota amapita kwawo. Ine ndinabwereranso madzulo kukaonerera kuwerenga, ndipo ndikuti aliyense ayenera kuchitako kamodzi pa moyo wake. Bokosi amalitsegula pamaso pa mamonita a zipani ndi oyang'anira oima paokha. Woyang'anira malowo amatambasula pepala lililonse, kulikweza m'mwamba kuti onse aone, n'kuliika pamulu wa mwini wake. Pepala lokayikitsa limaimitsa ntchito: wina akuti wachonga apa, wina akuti mzere walowa m'kabokosi ka m'munsi. Lomwe lakanika limapita pamulu wa mavoti owonongeka. Pomaliza manambala amalembedwa pafomu, mamonita amasaina, aliyense amatenga yake, ina imamatidwa poonekera. Amene akukumbukira 2019 akudziwa chifukwa chake monita wina anagwira cholembera nthawi yaitali asanasaine, akuwerenga mzere uliwonse ndi tochi ya foni. Fomu ngati imeneyi ndi imene inapakidwa tipeksi.

Ndili chiimire pamenepo ndinkaganiza za mawu amodzi amene aliyense ankatchula chaka chonse: fifite pulasi wani, kutanthauza kuti wopambana upulezidenti ayenera kupitirira theka la mavoti. Kwa zaka zambiri Malawi ankalamulidwa ndi anthu amene ovota ambiri sanawasankhe. Bakili Muluzi anapambana mu 1994 ndi 47 peresenti. Bingu wa Mutharika mu 2004 anapeza pafupifupi 36 peresenti, ndipo Peter Mutharika mu 2014 anapezanso 36. Mu 2019 MEC inalengeza kuti Mutharika wapeza 38.57 peresenti, Lazarus Chakwera 35.41, Saulos Chilima 20.24. Ndiye kuti pa anthu khumi aliwonse amene anavota, asanu ndi mmodzi ankafuna munthu wina. Gawo 80 la malamulo aakulu a dziko limanena kuti pulezidenti azisankhidwa ndi ambiri, koma chiyambire mlandu wa Gwanda Chakuamba wotsutsa zotsatira za 1999, makhoti ankamva kuti amene waposa anzake ndiye wapambana. Pa 3 February 2020 oweruza asanu a khoti loona za malamulo aakulu anafafaniza chisankho cha 2019 n'kunena kuti wopambana ayenera kupitirira theka la mavoti, ndipo khoti la apilo linagwirizana nawo mu May chaka chomwecho.

Chigamulo chimenecho ndicho chinabala migwirizano. MCP ya Chakwera ndi UTM ya Chilima anangowonkhetsa 35 ndi 20 n'kuona kuti pamodzi adutsa theka, ndipo Tonse inabadwa ndi zipani zisanu ndi zinayi. DPP ya Mutharika inatenga UDF, Atupele Muluzi n'kukhala wotsatira wa Mutharika. Pa 23 June 2020 Chakwera anapeza mavoti 2.6 miliyoni, pafupifupi 59 peresenti. Koma mgwirizano womangidwa ndi masamu a tsiku limodzi uli ngati ukwati wofulumizidwa ndi mimba: phwando likatha m'pamene anthu amayamba kufunsana kuti tinagwirizana zotani. Mkangano woti ndani adzaime mu 2025 unayamba msanga, Chilima anamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024, ndipo mwezi wotsatira UTM inatuluka. Pofika tsiku limene ndinkavota, Tonse inali itatsala dzina. UTM inaimika Dalitso Kabambe, Joyce Banda anaima payekha ndi PP, Atupele ndi UDF, pamene DPP inagwirana manja ndi AFORD ya Enock Chihana. N'chifukwa chake ambiri tinkayembekezera kuti palibe adutse theka ndipo tidzabwereranso pamzere kukasankha pakati pa awiri oyambirira.

Kudikira kunali kowawa kuposa kuima pamzere. Lamulo limapatsa MEC masiku asanu ndi atatu, ndipo inawagwiritsa ntchito onse, ikulengeza maboma pang'onopang'ono kuchokera ku BICC ku Lilongwe. Pa WhatsApp pankayenda manambala a mtundu uliwonse, ndipo ine ndinangosankha kukhulupirira wailesi ndi chithunzi cha fomu ya pamalo pathu chimene ndinajambula ndekha. Pa 24 September Chakwera anavomera kuti wagonja, kenako wapampando wa MEC, Annabel Mtalimanja, analengeza kuti Mutharika wapeza 56.8 peresenti, Chakwera 33. Chibwereza sichinafunikenso. Zipani zing'onozing'ono zimene zinkaganiza kuti zidzagulitsa mavoti awo modula pa chisankho chachiwiri zinatsala manja ali m'khosi. Anthu anali atachita okha mgwirizano wawo m'kachipinda kovotera, osadikira atsogoleri.

Usiku umenewo ndinatenga pensulo. Mutharika anapeza mavoti opitirira pang'ono 3 miliyoni. Pa amene anavota, ameneyo ndi wopambana mosakayikitsa, ndipo sindikufuna kumva wina akunena kuti boma lake n'losavomerezeka. Koma pa 7.2 miliyoni olembetsa, mavoti amenewo ndi 42 peresenti. Pa 10.9 miliyoni a msinkhu wovota, sakufika ngakhale 30. Ndinachitanso chimodzimodzi ndi Chakwera wa 2020, kuti wina asati ndikukondera: 2.6 miliyoni pa olembetsa 6.86 miliyoni ndi 38 peresenti, ndipo chaka chimenecho ovota anatsika kufika pa 65 peresenti kuchoka pa 74 ya 2019. Lamulo la theka linakonza vuto lenileni, ndipo ndimaliyamikira. Kungoti limawerenga okhawo amene afika pabokosi. Msuweni wanga wa kabaza uja sakupezeka mu 56.8 kapena mu 33, ngakhale mtengo wa mafuta ndi wa ufa ukumupweteka kuposa ine. Andale akamati "Amalawi alankhula" ndimafuna kuwafunsa kuti angati.

Palinso pepala lachiwiri lija. Lamulo la kupitirira theka limakhudza pulezidenti yekha. Phungu ndi khansala amapambana ngakhale ataposa mnzake ndi voti imodzi, kaya opikisana analipo khumi. M'dera langa amene anapita ku Nyumba ya Malamulo sanafike theka, ndipo m'dziko lonse aphungu oima paokha anatuluka ochuluka zedi, moti chipani cha pulezidenti sichinapeze chokha mipando yopitirira theka pa 229. Ndiye mgwirizano umene sitinauone pa pepala lovotera umakapangidwa ku Lilongwe chisankho chitatha, pamene oima paokha amayamba kulengeza mmodzimmodzi kuti agwira ntchito ndi boma pofuna chitukuko cha kwawo. Pamenepo palibe bokosi, palibe monita, ndipo fomu yosaina sitiiona.