Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Nthochi za Tsiku la Kadamsana

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene tinaika bambo m'manda ku Ntcheu, amayi n'kutitenga ine ndi mlongo wanga kubwerera kwawo ku Mangochi. Munali mu Ogasiti 2000, ndili ndi zaka 13.

M'mudzi wa amayi, kufupi ndi nyanja ya Malombe, Akhristu tinali ife atatu basi. Amayi anasiya Chisilamu pokwatiwa ndi bambo, omwe anali mkulu wa mpingo wa CCAP, ndipo agogo aamuna anatha zaka osawalankhula. Koma titafika ndi mitolo pamutu, zakale sanazitchule. Anatilozera kanyumba ka udzu kuseri kwa nyumba yawo, n'kuuza anganga, akazi awo, kuti atiphikire kambuzi.

Ndinafika kumeneko nditasenza mantha awiri. Oyamba anali a kutha kwa dziko. Usiku wa pa 31 Disembala 1999 tinachezera m'tchalitchi, anthu ena akulira chifukwa kunali mphekesera yoti chaka cha 2000 sitichiona. Kunacha bwinobwino, koma patangotha miyezi ingapo bambo anatisiya, ndipo m'mutu mwanga zinthu ziwirizi zinamangana mfundo imodzi. Mantha achiwiri anali a agogo. Anzanga a ku Ntcheu ankati Asilamu samudziwa Yesu. Ndiye ndikawaona agogo atavala mkanjo woyera akupita kumzikiti mbandakucha, mtima unkandipweteka. Munthu amene watilandira chonchi, adzapse ndi moto?

Usiku uliwonse ndinkayatsa koloboyi n'kutsegula Buku Lopatulika la bambo. Sindinkawerenga Masalimo ayi. Ndinkathamangira ku Chivumbulutso, monga lilime lithamangira dzino lowawa. Tsiku lina agogo anaona kuwala, anagogoda.

“Mdzukulu wanga, palafini ameneyu akuthera chiyani?”

Ndinawauza kuti ndili pa mutu 20, pamene Satana akusonkhanitsa Gogi ndi Magogi kunkhondo. Anakhala chete, kenako anati ndibwereze mayinawo. Nditabwereza anakhala pansi pamphasa.

“Amenewo ndi Yajuj ndi Majuj. Alinso m'buku mwanumu?”

Usiku umenewo palafini anatheratu. Anandifotokozera Sura (mutu) ya 18 ya Qur'an, Al-Kahf, yomwe ankaiwerenga Lachisanu lililonse: za mfumu Dhul-Qarnayn imene inatseka mpata wa pakati pa mapiri awiri ndi zitsulo, n'kuthirapo mkuwa wosungunula, kuti mitundu yowonongayo isatuluke mpaka nthawi yake itakwana. Anandiuza za Dajjal, wabodza wamkulu wa diso limodzi, amene adzachite zodabwitsa anthu n'kumulondola ngati nkhosa. Ine ndinati kwathu timamutcha Wokana Khristu. Kenako ndinafunsa funso limene linasintha mmene ndinkawaonera: adzamugonjetse ndani?

“Isa, mwana wa Maryam. Yesu wakoyo.”

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Koma iwo anapitiriza mosathamanga, ngati akunena za mlendo amene akumuyembekezera kale. Anati m'mahadisi, omwe ndi zonena za Mtumiki Muhammad, muli zoti Isa adzatsikira pa nsanja yoyera ya kum'mawa kwa Damascus, manja ake ali pa mapiko a angelo awiri. Adzapeza Asilamu ali ndi mtsogoleri wawo, Mahdi, ndipo adzamuthamangitsa Dajjal mpaka kumuphera pa chipata cha Ludd. Anatinso Msilamu amene akukana Isa si Msilamu, ndipo m'Qur'an monse mkazi wotchulidwa dzina ndi mmodzi yekha, Maryam, amene Sura ya 19 yonse ikudziwika ndi dzina lake.

Kuyambira pamenepo tinali ndi chizolowezi. Agogo zilembo za Chiarabu ankaziwerenga ngati madzi, koma za Chichewa zinkawavuta, choncho ndinkawawerengera ine. Mutu umene ankaukonda unali Mateyu 24. Ndikafika pamene Yesu akunena kuti dzuwa lidzadetsedwa, nyenyezi n'kugwa kuchokera kumwamba, iwo ankayamba kulakatula Sura ya 81, pamene dzuwa likukulungidwa, nyenyezi zikuthothoka, mapiri akusunthidwa. Ndikawerenga za tsoka la amayi apakati ndi oyamwitsa m'masiku amenewo, iwo ankati kumayambiriro kwa Sura ya 22 mayi woyamwitsa akuiwala khanda lake chifukwa cha kuopsa kwa tsikulo. Lipenga la mngelo analinso nalo, woliimba wake ankamutchula kuti Israfil. Sindikunena kuti mabuku awiriwa ndi amodzi. Ndikungonena zimene mwana wamasiye anamva pamphasa: mawu a bambo ake akutuluka m'kamwa mwa agogo ake, m'chinenero china.

Tinadzafika pamtanda, ndipo apa njira zinapatukana. Agogo anati Qur'an, pa Sura 4 ndime 157 ndi 158, ikunena kuti sanamuphe ndipo sanamupachike, koma zinaoneka choncho kwa iwo, Mulungu n'kumukweza kwa Iye. Anatinso Isa ndi mneneri wolemekezeka, koma Mulungu alibe mwana. Ndinaimirira thupi likunjenjemera. Ndinati ngati Yesu sanafe n'kuuka, ndiye kuti bambo anga agona m'manda opanda chiyembekezo. Misozi inatsika. Agogo sanabweze mawu awo, ndipo lero ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezo, poti akanatha kundinamiza kuti nditonthole. Anangondigwira dzanja nati, “Khala pansi, mwanawe. Iwe ukumudikira, inenso ndikumudikira. Akadzatsika adzatiuza yekha.” Sankaseka. Ndinatha sabata osawawerengera, ndipo iwo sanandikakamize.

Tsono kunabwera Lachinayi, pa 21 Juni 2001. Pawayilesi anali atalengeza kuti kukhala kadamsana, kuti ku Lusaka kudzada bii, ndipo tisayang'ane dzuwa ndi maso. Nditaweruka kusukulu ndinawapeza agogo kudimba akubzala mphukira za nthochi zimene anapempha kwa mnzawo. Cha m'ma 3 koloko kuwala kunayamba kufooka. Sikunali ngati madzulo ayi, kunali kuwala kodwala, kopanda mphamvu, ndipo kamphepo kozizira kanadutsa kuchokera kunyanja. Mbalame zinasokonezeka. Kumudzi ana anayamba kukuwa. Ine miyendo inalobodoka, ndinagwada pamzere ndikunena kuti basi, yafika.

Agogo anaika khasu pansi, anatawaza ndi madzi a pachitsime, n'kundiuza kuti ndiwatsate. Kumzikiti kunali kutasonkhana amuna, ndipo anaswali swala ya kadamsana, yaitali kuposa zonse zimene ndinaziona, yowerama kawiri pa rakaa (gawo la swala) iliyonse. Ine ndinakhala panja pansi pa mtengo wa mango ndikubwereza Pemphero la Ambuye, sindikudziwa kangati. Pamene ankatuluka, dzuwa linali litayamba kubwerera.

Pobwerera kudimba anandiuza kuti tsiku limene Ibrahim, mwana wamng'ono wa Mtumiki Muhammad, anamwalira ku Madina, kunachitikanso kadamsana. Anthu anati dzuwa likulira mwanayo. Mtumiki, ali ndi chisoni cha mwana wake, anawakaniza. Anati dzuwa ndi mwezi ndi zizindikiro za Mulungu, sizida chifukwa cha imfa kapena moyo wa munthu, mukaziona choncho pempherani. Nkhani imeneyi inandilowa mpaka m'mafupa, chifukwa kwa chaka chathunthu ine ndinkakhulupirira kuti imfa ya bambo ndi kutha kwa dziko n'chinthu chimodzi.

“Nanga Kiyama, tsiku lomalizalo, idzafika liti, agogo?”

“Buku lako likuti chiyani?”

Ndinati pa Mateyu 24:36 akuti za tsikulo ndi nthawi yake palibe akudziwa, ngakhale angelo. Iwo anati Sura 7 ndime 187 ikunenanso kuti kudziwa kwa nthawiyo kuli kwa Mbuye yekha, ndipo idzangofika modzidzimutsa. Aliyense wokupatsa deti, kaya wavala mkanjo kaya kolala, ameneyo wakunamiza. Atatero anatola mphukira ina n'kundipatsa. Anati Mtumiki ananena kuti Kiyama ikakupeza uli ndi mbande m'manja, ngati ungathe kuibzala, ibzale. Tinabzala zotsalazo mpaka mdima weniweni unagwa, ine ndikutunga madzi, iwo akukwirira.

Nthochi zimenezo sitinadyeko mkoko ndi umodzi womwe. Chimanga cha chaka chimenecho chinali chitavuta kale chifukwa cha madzi osefukira, ndipo pofika Febuluwale 2002 njala inali itagwira dziko lonse. Anthu ankagona pamizere yogulira chimanga n'kubwerako chimanjamanja, madeya anasanduka chakudya cha mwayi. M'mawa wina agogo ananditenga kudimba kuja ndi khasu lomwe lija. Tinakumba zitsa za nthochizo chimodzichimodzi, anganga ndi amayi n'kuzisenda, kuziyanika ndi kuzisinja. Ufa wake unali wakuda, nsima yake yowawira kukhosi, koma inatisunga anthu asanu kwa masabata angapo. Pa nthawi ya chakudya agogo ankati Bismillah, amayi n'kupemphera m'dzina la Yesu, kenako tonse n'kupisa m'mbale imodzi.

Mlongo wanga anayamba kutupa miyendo chakumapeto kwa mwezi womwewo. Za ulendo wathu wa panjinga wopita naye kuchipatala ndidzakufotokozerani m'gawo lotsatira.