Kodi anankafumbwe akumugonjetsadi namasupuni?

Namasupuni akachepa pa Liwonde, anthu amafulumira kunena kuti tizilombo tagwira ntchito. Koma nthawi zina amakhala atangokokoloka ndi madzi, akukatseka makina amagetsi ku Nkula. Mitundu iwiri ya anankafumbwe odya namasupuni, Neochetina eichhorniae ndi Neochetina bruchi, yochokera ku South America kwawo kwa chomerachi, inaikidwa mu Shire m'zaka za m'ma 1990. Kuti mudziwe ngati akupambana, muyenera kuyeza chomeracho pamalo omwewo mwezi ndi mwezi.

Pangani chimango cha nsungwi, masentimita 50 mbali zonse. Chiikeni pa namasupuni malo atatu, osati m'mphepete mokhamokha pofika bwato mosavuta. Werengani zomera zili m'katimo, zikhe madzi, muziike pasikelo. Kenako patulani zomera 10, muyeze phesi lalitali kwambiri pa chilichonse.

Ntchito yeniyeni ili pa tsamba lachiwiri kuchokera pa lanthete. Nankafumbwe wamkulu amadya usiku, n'kusiya tizipsera tating'ono pamwamba pa tsamba. Werengani tizipserato pa tsamba lachiwiri nthawi zonse, chifukwa lakale lili ndi mabala a miyezi yapita ndipo lingakunamizeni. Masana amabisala pansi pa phesi, m'katsamba kamene sikanatambasuke. Funyululani pang'onopang'ono, kachilomboka ndi kakang'ono, pafupifupi mamilimita 4 kapena 5, ndipo kakagwidwa kamakhala chete ngati kafa. Ng'ambani mapesi ndi mpeni, muone mphutsi zoyera ndi njira zakuda zimene zaboola. Zowononga kwambiri ndi mphutsizi: madzi ndi matenda zimalowera m'mabowo, phesi limawola, chomera chimamira. Pamizu fufuzani timipira ta ulusi wa mizu momwe mphutsi imasandukira nankafumbwe. Mukapeza akuluakulu okhaokha popanda mphutsi kapena timipirato, ndiye kuti sakuswana pamalopo.

Jambulani chithunzi mutaima pamtengo kapena mwala womwewo, mulembenso m'kope kutalika kwa madzi tsikulo.

Zimene zimabweza ntchito m'mbuyo n'zodziwika. Madzi akaphwa, chomera chimatsamira pamatope ndipo timipira tija timafa, poti timafuna mizu yomira m'madzi. Kupopera mankhwala dera lonse kumapha chakudya ndi nyumba ya tizilombo, pomwe njere za namasupuni zimatha kugona m'matope zaka 20, n'kumera anankafumbwe atatha. Choncho opopera azisiya chigawo china osachikhudza. Feteleza wokokoloka m'minda ndi zonyansa za m'tauni zimakulitsa namasupuni msanga kuposa mmene akudyedwera. Mu Juni ndi Julayi kuzizira kumachepetsa kuswana, ndiye musataye mtima ndi manambala a miyezi imeneyi.

Kumadera otentha zotsatira zimaoneka pakatha zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo namasupuni satheratu. Choyamba kusintha ndi msinkhu: mapesi amafupika, masamba amachepa, maluwa amasowa, kulemera kwa m'chimango kumatsika. Malo amene namasupuni aphimba amachepa pambuyo pake, choncho pamalo atsopano kope liziyamba kulembedwa tizilombo tisanaikidwe n'komwe.